Wamoyo Anali Wanga, Mtembo Anatenga Alamu

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, koma palibe munthu angandiphunzitse za mkazi wanga. Ndinamutenga chitengwa ku Ntengo-Wambalame, nkhondo itavuta tinathawira limodzi ku Malawi, tinabwerako limodzi, nyumba ino tinamanga ndi manja athu.

Chaka chatha dotolo wa ku Furancungo anatiuza mosabisa kuti chotupa cha m'mimba chafalikira. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu, nati, "Kawasamalireni kunyumba, madala."

Sabata isanathe, alamu anga, mchimwene wake wa mkazi wanga, anatulukira pa mota, njinga yamoto ija. Munthu amene matenda onsewa sanabwere ngakhale ndi dzira limodzi. Anakhala pakhonde panga, miyendo tambalale.

"Mwini mbumba ndine," anatero. "Mlongo wanga akafere kwawo."

"Mumutenga bwanji, alamu? Mum'manga pa mota ngati thumba la kachewere?"

"Inu ndinu mkamwini chabe. Za mbumba sizikukhudzani."

Mkamwini chabe ine, imvi mbuu, pakhomo panga pomwe. Mwana wathu wa ku Tete nayenso anayambapo Chipwitikizi chake, akuti tipeze chapa, minibasi ija, amayi ake akagone kuchipatala chachikulu. Ndinamufunsa ngati msewu uja anauona kapena anabwera chouluka. Tinakalipirana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Kenako tinamva kapu ikugogoda pa bedi m'nyumba. Tinalowa tonse atatu. Mkazi wanga anali atamva zonse.

"Mwatha kundigawana?" anafunsa, mawu ali pansipansi. "Mwanawe, chapa sindikwera. Achimwene, ndifera m'nyumba muno, azinditembenuza amuna angawa ndi phokoso lawo lomwelo. Ndikafa mudzanditenge, mukandiike pafupi ndi amayi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane za mandazo. Anandiyang'ana. "Bambo ake, ndamaliza."

Ndinamusamala mpaka mvula yoyamba, kumutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi supuni. Alamu sanaonekenso. Koma tsiku limene anamwalira anafika msanga ndi galimoto, akulamula anthu pabwalo panga ngati pawo.

Mawu a mkazi wanga sindinawaphwanye. Wagona ku Ntengo-Wambalame, kumene mawondo angawa sangafike. Mwezi watha alamu anatumiza uthenga kuti ndikafuna kukaona manda adzandinyamula pa mota yawo. Ndinayankha kuti chiuno chawo sindingachigwire. Ndidzapita ndekha, ngakhale chokwawa.