Chipinda cha Selufu

Amayi Felistas Sakala saopa njoka, saopa kusambitsa maliro, koma chaka chatha anaopa chipinda.

Nyumba yawo yamiyala ili kuseri kwa Natuseko, kumene tauni imathera n'kuyamba minda. Anaimanga ndi malemu amuna awo, a Adamson, atapuma ntchito ya njanji: bambo kuswa miyala, mayi kuponda dothi, mwana ali kumsana. Siling'i munalibe. Munthu akatsokomola kuchipinda, wa kukhitchini ankati pepani. Ndi mmenenso amayiwa anadziwira kuti amuna awo atisiya. Ankasesa m'mawa, n'kungomva kuti chifuwa chija chati zii.

Ndiye mwana wawo Fidelis anabwera kuchokera ku Lusaka ndi mkazi wake, ati tikhale kuno. Anabwera ndi chithunzi pafoni: mawindo aakulu ngati a sitolo, matailosi, siling'i yoyera mbee, ndi chipinda chatsopano cha mabuloko chogundana ndi khoma lakumbuyo.

"Ichi n'chanu, amayi. Selufu-kontendi."

Iwo anangogwedeza mutu, poti kufunsa Chizungu kwa mwana wobereka wekha n'zamanyazi. Anakafunsa mmisiri, Gershom, bambo wa ku Bwacha wolongolola ngati wailesi.

"Ndiye kuti zonse muli nazo, amama," anatero Gershom. "Toileti momwemo, bafa momwemo, chitseko chanuchanu chakunja. Simudzafunanso munthu!"

Ha! Mwini wake ankati akutamanda, koma amayi mtima unangoti myuu. Kuyambira tsikulo chakudya sichinkatsika. Ku kwaya ya kutchalitchi, iwo amene amatsogolera, ankayamba vesi yolakwika. Mzera uliwonse wa mabuloko ukakwera, mantha nawo ankakwera. Anene bwanji? Mwana wakumangira chipinda, iwe n'kukana? Anthu angati nkhalamba yosayamika.

Gershom anali ataboola khoma lamiyala lija, la pakati pa nyumba ndi chipinda chatsopanocho, kuti azidutsitsa wilibala. Chipinda chitatha, anakanda simenti m'mawa kuti atseke bowolo. Anapeza amayi atakhala pampando pakatikati pa bowo, lichero pamwendo, akusankha nyemba. Anawanyengerera, anawaseka, osasuntha. Anakaitana Fidelis.

"Amayi, simenti iuma. Sunthaniko pang'ono."

Iwo anapitiriza kusankha, nyemba zabwino zikugwera pamodzi ndi zofumbwa.

"Kodi chipinda simunachikonde?"

"N'chokongola, mwana wanga. Koma ndikuopa."

"Muopa chiyani? Mabagala baa tiika m'mawindo, loko ndi yolimba."

"Akuba abe chiyani kwa ine?" Anakweza maso. "Atate ako ndinawamva ine, tsache lili m'manja. Mukatseka apa, tsiku limene ndidzaleke kutsokomola adzamva ndani?"

Fidelis anangoyang'ana khoma la atate ake, kenako n'kukhala pansi pafumbi pomwepo, pafupi ndi mapazi a amayi ake.

Simenti ija inaumira mu wilibala. Bowolo lilipo mpaka lero, amayi anangopachikapo chitenje.