Timabowo ta Mikisa ya Mpingo

Zaka zinayi mikisa ya mpingo wathu wa ku Kawale inkagona m'chipinda mwanga. Mikisa ndi bokosi lija la timabatani tambirimbiri, mmene mawaya a maikolofoni amakumana mawu asanapite ku masipika. Ine kuimba sinditha, ndipo ntchito ya batani ngakhale limodzi sindinkaidziwa. Anandipatsa chifukwa cha khalidwe langa basi. Yoyamba inasowa m'tchalitchi chitseko chili chokiya, ndiye atagula ina akulu ampingo anati ipite kwa agogo aja, sakhulupirira ngakhale mpongozi wawo. Ankanena moseka, koma sananame.

Lamulungu lililonse ndinkaisenza pamutu, mapemphero akatha n'kubwerera nayo. Kunyumba adani anga anali fumbi ndi mphemvu. Tsiku lina ndinaona mphemvu ikutuluka pa timabowo ta m'mbali mwake, ndevu zili patsogolo ngati mwini nyumba. Ndinatenga selotepi yakuda n'kumata bowo lililonse, mwaukhondo, moti munthu sakanazindikira.

Vuto linabwera mwakachetechete. Poyamba masipika ankangong'ung'uza. Kenako ulaliki ukafika pakati, timagetsi ta pamikisa tinkaphethira, mawu n'kuduka, abusa n'kupitiriza ndi kukhosi kwawo. Tikaizimitsa kwa kanthawi inkadzuka. Lamulungu lina la mgonero inazima osadzukanso.

Ndinakayikira aliyense. Wotsogolera kwaya, bambo wa kumpoto wokonda kukweza mawu mpaka malata kunjenjemera. Mwini jenereta imene tinkabwereka magetsi akathima. Mpongozi wanga, amene ankasesa m'chipinda mwanga ine kulibe. Sindinadziwe kuti anthu nawonso anali naye womukayikira. Mayi wina wa m'kwaya anandipeza kuchigayo, nkhope ataiika ya chisoni, nati kukumveka zoti pakati pa sabata ndimaibwereketsa ku maukwati ndi m'mabala a ku Chinsapo. Ine, ndi imvi zangazi. Akulu ampingo anati nkhaniyo ikambidwa Loweruka. Ndinadziwa kuti ndikapita chimanjamanja, dzina lakuba lindimatirira mpaka kumanda.

Lachitatu ndinakwera nayo minibasi mpaka ku Biwi, kwa mmisiri wina wokonza mawailesi, bambo wamtali wovala magalasi omanga ndi waya.

"Isiyeni, Agogo, mubwere mawa."

"Ndikhala pompano."

"Mpando ndilibe."

"Ndabwera ndi chitenje."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi kale munali apolisi?"

"Ndinali mkazi wa telala, bambo. Ndimadziwa kumene nsalu yotsala imapita. Chilichonse mungachotsemo muike m'kampango aka."

Ndinayala chitenje pakhomo, mawondo akulira. Iye anati timayambira kumene moto umalowera. Anatenga kamita ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, nayeza chingwe. Chinali bwino. Anasolola fyuzi, kagalasi kakang'ono ngati chidutswa cha bolopeni, naiyang'anitsa kudzuwa. Inali yakuda mkati. Ndinati basi tapeza. Anaikamo yatsopano, nayatsa, nayonso inangoti phethi.

"Fyuzi sipsa yokha," anatero. "Alipo akuipsereza."

Anamasula masikuluu, ine ndikuwawerenga ndi maso. Mkati munatuluka fungo ngati la mphika wopserera. Analekanitsa thiransifoma, chitsulo cholemera chija chimene chimachepetsa moto wa pakhoma, naiyeza payokha. Inkatulutsa bwinobwino. Anapitiriza kutsatira njira ya moto, kamita uku, kamita uku, osafulumira, mpaka ine tulo tinayamba kundiba. Ndinadzitsina pantchafu.

"Bwerani muone nokha, poti simukhulupirira."

Anandionetsa tizitini tiwiri tokhala ngati mabatire a tochi. Anati timeneti timasalaza moto kuti masipika asang'ung'uze. Pamwamba pake panali patatupa ngati mandasi, kena katatulutsa madzi oderako. Pafupi pake panali kanthu kakuda ka miyendo itatu komangirira pachitsulo, ndipo pansi ponse pozungulira panali patasanduka mtundu wa tiyi.

"Moto ukachoka apa umagawika pawiri. Mbali iyi yafa, ndi imene ikudya mafyuzi."

"Ndiye ndi jenereta," ndinatero. "Kapena uja wokweza mawu."

"Ayi. Jenereta ikafuna kupha imapha kamodzi. Iyi yaphikidwa pang'onopang'ono, miyezi ndi miyezi."

Anatembenuza chivundikiro, nakanda m'mbali ndi chikhadabo. Selotepi inayamba kumatuka.

"Aaa! Wamata apa ndani? Makinawa amapumira apa! Chitsiru chake n'cha kuti chimenechi?"

Ndinayang'ana kumsewu. Kunali anthu akukankha galimoto yopanda matayala awiri. Mmisiri uja anatsokomola.

"Mphemvu, eti, Agogo?"

"Mphemvu."

"Si inu oyamba. Ena amaphimba ndi kansalu koluka ngati wailesi ya pabalaza. Koma inuyo mwachita kuthera luso."

Sindinaseke. Anawotcherera tizitini tatsopano ndi kanthu ka miyendo itatu kaja, utsi wa mtovu ukundilowa m'maso. Anayezanso mbali zonse ziwiri, naisiya ikulira nyimbo za pawailesi kupitirira ola, dzanja akuliika pa timabowo kumva mpweya wofunda ukutuluka. Pondipatsa kampango kanga anatsitsa mawu.

"Kumpingo mukangoti ndi magetsi. Ndani angatsutse?"

M'minibasi ndinaliganizira bodzalo mpaka ku Kawale. Linali lokoma. Koma ndikanati magetsi, akanafunsa kuti magetsi a kuti, a m'bala iti. Komanso mmisiri uja sindinkamudziwa. Kamwa yake ndikanailondera bwanji kuchokera kuno?

Loweruka ndinamasula kampango patebulo pamaso pa akulu ampingo ndi akwaya: mafyuzi awiri, tizitini totupa, ndi mpira wa selotepi. Ndinati mikisa sinapite kubala, sinapite kuukwati, ndaipha ndine ndi manja angawa poopa mphemvu. Wotsogolera kwaya anaphulika kuseka mpaka kupukuta misozi, ena n'kutsatira. Mkulu wampingo anayesa kuwaletsa, mapewa ake akugwedezeka.

Zakuba sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anagwirizana kuti mikisa izikhala kunyumba ya abusa, m'kabati, ndipo anandithokoza ndi mawu aatali aja amene amauza munthu akamamuchotsa pantchito. Ndinavomera. Khosi langa linali litatopa kale.

Masiku ano ndimafika kutchalitchi belu litalira, ngati anthu ena onse, ndipo ndimakhala kumbuyo kumene kuli mphepo. Mapemphero akatha ndimanyamuka n'kumapita. Pakhomo pokha ndimachedwerapo pang'ono, ngati ndikukonza nsapato, kuti ndione amene akupinda mawaya.