Dzina limene ndinauzira m'masamba ku Peru

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima zaka zambiri, ndipo amene akufuna kunena kuti mphepo ya m'mapiri inandizunguza mutu anene, koma ondidziwa angakuuzeni kuti ine sindikometsera nkhani, pagulu ndimangokhala duu n'kumaonerera. Zimene ndikulembazi zinachitikadi, ndiponso masanasana, maso ali gwa.

Mayi anga anamwalira ndisanayambe kuyenda, bambo sindiwadziwa, ndiye anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, kwathu ku Ntchisi. Chithunzi cha mayi panalibe, ndipo dzina lawo silinkatchulidwa pakhomo. Ndinalimva kamodzi kokha kwa munthu woledzera, n'kulisunga. Agogo sanali omenya mwana, koma tsiku lina tikuchokera kuchigayo ndinaloza msitu wa kumanda n'kufunsa kuti mayi anagona pati, ndipo anandiwomba padzanja mwamphamvu, amvekere manda salozedwa ndi chala, adzandionetsa ndikadzakula. Ndinakuladi, mpaka ndinafika kuno ku London, osaonetsedwa, inenso osafunsanso.

M'zaka zija tinkaimba foni kumudzi ndi timakhadi tokanda togula ku Peckham, ndinkasamalira mayi wina wachizungu wokalamba ku Croydon, m'nyumba mwawo momwemo. Ndiziwatchula kuti adona. Miyendo inali itawafooka, koma mutu unali bwinobwino, moti nyuzipepala ankaimaliza yonse n'kupezanso mpata wondikonza chizungu. Zimenezi muzikumbukire, chifukwa sanali munthu woona zinthu zomwe palibe. Chilakolako chawo chinali chokaona mabwinja a anthu akale otchedwa Ainka ku Peru asanafe, ndiye anandilipirira ulendo kuti ndizikawakankha pachikuku.

Chigwa chimenecho n'chokongola, ndisaname. Mapiri anachita kuchitsekereza uku ndi uku, mtsinje ukudutsa pakati, ndipo m'mbali mwa mapiri muli minda yakale yosanjikizana ngati masitepe. Makoma ake ndi a miyala ikuluikulu yolumikizana popanda matope, poti ngakhale singano singalowe. Tinaona amayi akuluka nsalu ndi ubweya wonyika m'miphika ya utoto, tinamwa chakumwa cha chimanga chofiirira chimene chinandikumbutsa thobwa, ndipo adona ankasangalala ngati mwana.

Tsiku lina galimoto inatikweza mpaka pamabwinja a pamwamba. Adona anatsala pamthunzi ndi bambo wotionetsa malo, ine n'kusendera kumphepete. Kutsidya kwa phompho kunali thanthwe lalitali lodzaza mauna, ambirimbiri ngati zisa za njuchi. Ndinatambasula dzanja n'kuloza, ndikufunsa kuti ndi mbalame zanji zimakhala mmenemo. Mayi wina wogulitsa nsalu, amene anakhala pansi pafupi nane, anadzuka n'kunditsitsa dzanja. Wotionetsa malo uja ndiye anafotokoza kuti amenewo ndi manda, akale ankaika akufa awo m'maunamo atawakhazika chonjuta, koma akuba anafukula n'kusiya pululu. Abale anga, dzanja langa linayamba kuwawa pamalo pomwe paja agogo anandiwomba ndili mwana, ndipo kuyambira pamenepo mayi anga sanachoke m'mutu mwanga.

Titatsika m'chigwa anatitengera kumwambo wina wochitira alendo. Bambo wachikulire wovala chipewa choluka anayala nsalu pansi, n'kupatsa aliyense masamba atatu a chomera chakumeneko chotchedwa koka. Anati tiwagwire pakamwa, titchule chamumtima munthu amene tikufuna aziyenda nafe, kenako tiuzire mpweya choyang'ana kuphiri. Azungu ankaseka uku akujambulana. Nanga ine ndikanatchula ndani? Mwamuna ndinalibe, mwana ndinalibe. Ndinatchula dzina lija ndinalimva kwa woledzera, koma osati chamumtima ayi, linatuluka ndithu pakamwa, koyamba m'moyo wanga. Bambo uja anatola masamba a onse mosavuta, koma atafika pa ine anayang'ana kumbuyo kwa phewa langa, n'kuweramitsa mutu pang'ono ngati mmene timachitira popereka moni kwa munthu wamkulu.

Mmawa mwake kuhotela anatiikira makapu atatu, ife tili awiri. Ndinabweza imodzi, mtsikana woperekera zakudya n'kuoneka wodabwa. Ndinati mwina ndi kusamvana chilankhulo. Koma titabwerera ku London zinapitirira. M'thiramu, sitima ija yoyenda m'misewu ya m'tauni, ikadzaza anthu ankaimirira, mpando wa pambali panga uli wopanda munthu. Woyendetsa basi ankati ndikatsika, chitseko osatseka msanga, ngati akudikira wina. Kushopu munthu ankagwira chitseko ine nditadutsa kale. Kodi zoterezi ungakamuuze ndani osakuyesa wamisala? Ineyo sindinkaona kanthu, koma kumanzere kwanga kunkamveka kuti kwaima munthu, monga mmene umadziwira kuti wina walowa m'chipinda usanacheuke. Ndinkaganiza kuti ndi mmodzi wa a m'mauna aja wanditsatira chifukwa chowaloza, moti ndinasiya kudya bwino, ndipo kutchalitchi anandipempherera koma sizinasinthe.

Masana ena ndikuwathirira tiyi, adona anapinda nyuzipepala n'kunena modekha kuti ndimuuze mnzangayo akhale pansi, wakhala ataimirira chichokereni ku Peru ndipo iwo zikuwamvetsa chisoni. Ndinafunsa kuti mnzanga wake uti, akuoneka bwanji. Anati ndi mtsikana wakuda ngati ine, wamng'ono kwa ine, wamanga kansalu kumutu, ndipo zala ziwiri za kudzanja lamanzere zinamatana ngati anapsa ndi moto. Anawonjezera kuti savuta, amangondiyang'ana basi.

Ndinathamangira kukagula khadi. Foni inali ya mwini golosale wa pamsika wakwathu, ndiye anachita kutuma munthu kukawatenga agogo ine n'kuimbanso. Sindinazungulire, ndinafunsa ngati mayi anga anali ndi chilema chilichonse. Agogo anati mayi anagwera pamoto akukwawa, zala ziwiri zinamatana, ndipo anandifunsa kuti wandiuza ndani. Ndinafotokoza zonse, za thanthwe, za masamba, za makapu. Sanandikalipire.

“Wamuitana wekha, mwana wanga. Wakaona manda a eni kutali konseko, a mayi ako osawadziwa. Bwera ndidzakuonetse pamene anagona, udzamuperekeze wekha. Koma usachedwe, wotsala wodziwa malowo ndine ndekha.”

Ndinalonjeza kuti ndibwera msanga. Koma adona anadwala chifuwa, wowasamalira wina sanapezeke, ndiye ndinati ndidikire achire kaye, kenako ndinati Khirisimasi ipite. Mukudziwa mmene moyo wa kuno umakhalira, mawa amangobereka mawa anzake.

Tsiku lina chakum'mawa ndikuwapesa tsitsi, adona anayang'ana pagalasi n'kumwetulira. Anati akondwa kuti mnzanga uja wapeza womucheza, lero wabwera ndi mayi wachikulire wowerama msana, ndipo agwirana manja. Chipeso chinagwa pansi. Foni ya mwini golosale yonena kuti agogo atisiya inandipeza madzulo ake, koma ine ndinali nditalira kale.

Ndinapita kwathu maliro ataikidwa. Ndinafunsa akuluakulu onse pamene panagona mayi anga. Amalume ena analoza ndi mlomo pansi pa mtengo wina, ena anati ayi ndi kumunsi, pomwe mitumbira inafafanizika kale ndi mvula. Panalibe mtanda, panalibe mwala. Ndinagwada pakati pa msitu n'kupepesa mbali zonse, osadziwa koyang'ana.

Adona anamwalira chaka chotsatira, ndiye palibenso wondiuza zimene zili kumbuyo kwanga. Koma mpaka lero ndikakwera thiramu, nthawi zina mipando iwiri imatsala yopanda munthu, wa pambali panga ndi wa kutsogolo, anthu ali chiimire. Sindikhulupiriranso kuti anabwera kudzandipweteka. Ndimaona kuti mayi anayankha chifukwa mwana wawo anawaitana, ndipo akudikirabe kuti ndiwabweze kumene anagona, koma njira yake sindikuidziwa, ndipo amene ankaidziwa tsopano waima nawo limodzi.

Inu amene mumayenda m'mayiko kukaona malo, mwambo wa eni musamautenge ngati sewero lojambulitsa, ndipo dzina la womwalira musalitchule pamalo pamene simukudziwa amene akumvetsera. Ndipo iwe mwana wamasiye mnzanga, ngati alipo wamoyo wodziwa pamene anagona mayi ako, pita akakuonetse chaka chino chomwe.