Denga la Mayi Tolbert

Mayi Vernell Tolbert a ku Fort Pierce, m'chigawo cha Florida, sakhulupirira munthu womwetulira asananene chimene wadzera. Chinawapanga chonchi ndi ntchito. Anakalambira m'fakitale yolongedza malalanje, chiimire tsiku lonse kutola owola pakati pa abwino, ndipo amati lalanje lowala kwambiri ndi limene uyenera kulitembenuza. Mpongozi wawo anamutembenuza chimodzimodzi. Abusa nawonso sanapulumuke.

Nyumba yawo ndi yaing'ono, yobiriwira, ya zipinda ziwiri. Denga lake analikhoma malemu amuna awo, bambo Lemuel, chaka chija anamondwe awiri anabwera motsatizana ngati anachita kupangana. Bambowo atayamba kudwala impso, nyumba inaikidwa chikole kubanki, ndipo banki silola nyumba ya ngongole kukhala yopanda inshulansi. Ukalephera kupeza yako, amakuikira yawo, yodula moti kapenshoni ka malalanje sikangaiyandikire. Apo ndiye nyumba yapita.

Kenako kunabwera zaka za anyamata ogogoda m'makomo. Mphepo ikangowomba pang'ono, ankatulukira ngati ngumbi, malaya a kolala, galimoto yoyera, makwerero pamwamba.

"Amayi, tingokuonerani denga, ulere. Ngati lawonongeka alipira a inshulansi, inu osatulutsa ngakhale senti."

Mayi Tolbert ankawalandira ali pakhonde, paipi ya madzi ili m'manja.

"Ulere? Mukwere, mubowole nokha ndi nyundo, mundisainitse, kundende ndikalowe ine? Chokani pa kapinga wanga!"

Mnzawo Earline wa nyumba yoyandikana analola, ndipo ankawaseka kuseri kwa mpanda. "Vernell, udzafa ndi kamtima kakoka. Anzako akudyerera, iwe uli gwa!"

"Dyerera wekha, mwali. Akakutsekera ndizikubweretsera mabisiketi."

Earline sanatsekeredwe. Chimene chinachitika n'chakuti makampani a inshulansi, atatopa ndi kulipirira madenga otere, anayamba kuthawa m'Florida, otsalawo n'kukweza mitengo, n'kuyamba kusankha madenga. Chaka chatha kampani ya mayi Tolbert inawauza kuti denga lawo lakalamba, siipitiriza nawo. Lamulo la boma limasiya kakhomo kamodzi: denga likakwana zaka khumi ndi zisanu, akwerepo woyeza wovomerezeka, ndipo akanena kuti lipirira zaka zina zisanu, kampani isamutaye mwini nyumba chifukwa cha ukalamba wa dengalo.

Mayi Tolbert ananunkhizamo msampha. Amene anapeza woyezayo ndi mwana wawo Cedric wa ku Orlando, yemwe wakhala akuyimba nyimbo yoti nyumba igulitsidwe, amayi akakhale kwa iye.

"Wamupatsa zingati kuti adzalinyoze denga langa?" anamufunsa pafoni.

"Amayi, ndamulipira kuti aliyeze basi. Mukamuthamangitsa, nyumba mwailuza. Chonde, paipi ija muisiye."

Anafika woyezayo, bambo Ocasio, munthu wonenepa, wathukuta, wosamwetulira, zomwe zinawasokoneza pang'ono mayi aja. Chiphaso chake anachiwerenga mbali zonse ziwiri. Kenako anamuuza kuti atulutse zonse za m'matumba.

"Nyundo mwaibisa pati?"

"Ndilibe nyundo, amayi. Ndi kamera yokha."

"Tikwera tonse."

"Amayi, pa msinkhu wanuwu..."

"Msinkhu wanga wakulakwirani chiyani? Tsogolani, manjawo ndiziwaona."

Anakweradi, pang'onopang'ono, diresi ya maluwa atailowetsa m'buluku la malemu. Chikhomereni Lemuel dengalo, iwo anali asanaliwonepo kuchokera pamwamba, ndipo panalibe munthu wina amene anamulola kuliponda. Timatailosi take ta phula tinali titatuwa, m'mbali mutapindika, mchenga wake ukusesereka pansi pa nsapato. Bambo Ocasio sanakhudze kanthu. Manja onse anali pa kamera, mayi Tolbert akuwalondola ndi maso osaphethira. Katailosi kamodzi kanathyoka ndithu, koma pansi pa bondo la mayi omwewo, phwa!

Anadzutsa mutu. Msewu wonse unali pansi pawo. Denga la Earline, la a Baptiste, la m'bale wa abusa, onse aja analola anyamata ogogoda, madenga awo anali atsopano, osalala, akuda bii. Palibe kampani imene ingawakane amenewo. Lokalamba mumsewu wonse linali limodzi, ndipo iwo anali atagwada pomwepo.

Mtima unawawawa zedi. Anafunafuna woti amuloze chala, kaya Cedric, kaya kampani, kaya munthu wathukutayu, koma mkwiyo unasowa pogwera. Zaka zonsezi ankalondera kuti asaberedwe, ndipo zoona palibe anawabera. Kungoti ndalama za denga latsopano analibe, ndipo banki sidikira.

"Zaka zisanu sindingalembe, amayi," anatero bambo Ocasio motsitsa mawu. "Ngakhale ziwiri. Pepani."

"Wakutumani ndani?"

Funsolo linatuluka lofooka, ngati la munthu wina.

"Palibe, amayi. Mwaona nokha." Anapukuta thukuta. "Tiyeni titsike, dzuwa lakula. Ndikugwirirani makwerero."

Mayi Tolbert anakhala pansi pa timatailosi totenthato, n'kutambalala miyendo.

"Tsikani inu," anatero. "Ine ndikhaleko kaye pamwamba pa nyumbayi, ikadali yanga."