Fatsani ndi Ndege za ku Chileka

Ndege ikamanyamuka ku Chileka, ndimacheukirabe pakhonde pomwe ankakhala mchimwene wanga Fatsani, yemwe sankayenda.

Tili ana ku Lirangwe, kunabwera mayi wina wojambula mafilimu a ana olumala. Anakhala pansi m'fumbi n'kumujambula Fatsani akuseka. Anzanga anandiuza kuti munthu akalowa mu kamera, ndege imabwera kudzamutenga. Ndiye ndikangomva kulira kwa ndege, ndinkamubereka Fatsani n'kuthawira naye m'chimanga, masamba akundicheka m'mikono.

"Achemwali, nditsitseni," ankatero, akundimenya paphewa. "Mwina yabwerera ine."

Filimuyo akuti inafika kutali, anthu n'kulira. Fatsani sanapite kulikonse. Ndinamubereka mpaka tonse tinamera imvi. Tamuika m'manda mwezi watha, ndipo msana wanga sunazolowerebe kupepuka.