Alamu Anati Chiseyeye Sichipha

Amuna anga ankadula ulusi ndi mano. Asodzi ambiri kuno kumathiriro a Bua amatero akamasoka ukonde, mpeni uli pomwepo pamchenga koma ulesi woutola. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi akumwa pansi pa mtengo wa mango, ndinaona kuti ulusi umene angoluma wafiira. Nditafunsa, anangoti ulusiwo wawacheka.

Si ulusi ayi. M'mawa uliwonse akamatsuka m'kamwa ndi mswachi wa kamtengo, ankalavula magazi. Nkhama zinatupa, kenako zinayamba kuthawa mano, mano n'kumaoneka ataliatali. Za fungo sindinena zambiri poti ndi amuna anga, koma ndinayamba kugona nditayang'ana kukhoma, ine munthu woswera pathandala la usipa osatseka mphuno.

Patapita miyezi anayamba kuonda. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, akachoka kunyanja n'kungodziponya pamphasa osafuna ngakhale kusamba. Ndinawakoka kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha kufupi kuno, ndipo anawapeza ndi matenda a shuga. Ndinachita zonse zimene anatiuza. Shuga m'tiyi ndinachotsa, mpunga ndinachepetsa, mapiritsi ndinkawapatsa ndi dzanja langa n'kudikira mpaka ameze. Koma tikapita kukayezetsa, shuga ali pomwepo, mwina kukwera kumene. Ndinkabwerako nditapsa mtima chifukwa anamwino ankandiyang'ana ngati ndine ndikuwadyetsa zobisa.

Ulendo wina tinapeza dokotala wachizimayi amene anati atsegule pakamwa. Atayang'ana, anatembenukira kwa ine.

"Mayi, chiseyeye ichi ndi chilonda chachikulu, kungoti chabisala m'kamwa. Thupi likamalimbana ndi mafinya otere tsiku ndi tsiku, shuga amavuta kutsika. Shuga akakwera, nkhamazi sizipola. Ziwirizi zikudyetsana. Pitani nawo ku boma kwa a mano, akatsuke pansi pa nkhama, ogwederawo akachotse."

Ndinamva bwino lomwe. Koma kwathu kuno mkazi sangonyamula mwamuna kupita naye ku boma kuti akamuzule kapena kumucheka kanthu asanauze eni ake. Zikavuta kumeneko, mlandu wonse umagwera iwe, amati unapita naye dala kukamumaliza. Tsono mwini wake wa amuna anga anali achimwene awo aakulu, alamu anga. Ndiwo ankhoswe a ukwati wathu, ndiwonso eni boti ndi chilimira, ukonde waukulu wa usipa umene amuna anga ankagwirako ntchito. Munthu wodziwa zonse ameneyo. Injini amakonza ndi pakamwa, mvula amalosera ikagwa kale. Ndimadana nawo, ndipo sindibisa.

Ndinawapeza pakhonde atangochoka kumzikiti Lachisanu, ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Amuna anga anakhala pambali akukanda pansi ndi kamtengo. Alamu anaseka mpaka kofia kupendekeka.

"Mlamu, munamva bwinobwino inu? Shuga ali m'magazi, mano ali m'kamwa, zikukumana pati? Mawa adzakuuzani kuti mutu ukuwawa chifukwa cha chidendene. Chiseyeye tonse tili nacho kuno, anafa nacho ndani? Chiseyeye sichipha. Nanga akamuzula mano munthu wa shuga, magazi osaleka, mudzayankha ndinu?"

"Alamu, si maganizo anga. Ndi adokotala anena."

"Adokotala anu aja ndi mwana wa dzulo. Komanso usipa wagwa, mukuona nokha. Uyu akakagona ku boma, nyali andigwirira ndani?"

Apo ndi pamene panagona nkhani. Amuna anga anali siginala, munthu amene amakhala m'bwato ndi nyali kuitana usipa kuti ukonde uzungulire, ndipo pagombe lonse lino panalibe wowaposa. Alamu sankaona m'bale wawo wodwala, ankaona mabigiri a usipa, ndowa zimene timayezera pogulitsa. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina alankhulapo, poti kamwa ndi lawo. Anapitiriza kukanda pansi.

Kuti asaoneke ouma mtima, alamu anabweretsa munthu wawo wa kumsika wa ku Benga, wochotsa mphutsi m'mano. Anafika ndi khasu lakutha, njere za nthula ndi phesi la papaya. Anatenthetsa khasu lija pamoto, analisanjika pamwala m'beseni la madzi, anathirapo njere ndi timafuta, n'kuvindikira ndi chitini chobowola. Amuna anga anauzidwa kuti alume phesi lija, utsi uzilowa m'kamwa. Anatsokomola mpaka misozi. Munthu uja atavundukula, m'madzi munkayandama tinthu toyera topindikapindika.

"Mwaziona?" anatero alamu, akundilozera ndi chala. "Izi ndi zimene zimamudya. Adokotala anu anaziona izi?"

Ndinatola kamodzi n'kukafinya. Inali njere yophulika ndi moto, khungu lake lili pomwepo. Ndinanena, ndipo ndinanena mokweza. Alamu anati mkazi wamwano ngati ine ndi amene amadwalitsa mwamuna, ndipo ndikapitiriza adzaitanitsa ankhoswe a kwathu. Anthu amene anabwera kudzaonerera ankagwedeza mitu kuvomereza. Tsiku limenelo ndinalira ndi ukali, osati chisoni.

Amuna anga anabwerera kunyanja. Ndinawanyengerera kuti tipite mwakachetechete, ndinawakalipira, ndinawanyanyala osawalankhula, koma yankho linali limodzi, loti achimwene akana. Mano awiri anagwa okha, lina akudya chinangwa chophika. Nkhama zinkatuluka mafinya ukangodina ndi chala. Nyengo ya usipa inatha, ina inayamba, mapiritsi akumwa, shuga osatsika.

Ndiye tsiku lina anaponda munga wa kampango m'boti. Kabala kakang'ono pansi pa chala chachikulu, koti msodzi aliyense amangotsuka n'kuiwala. Kawo sikanapole. Kanakula, kanayamba kununkha, chala chinada, kuda kuja n'kumakwera phazi. Atayamba kutentha thupi ndi kubwebweta, alamu omwe aja ndi amene anathamanga kukafuna galimoto. Ali pakhomo panga anandifunsa, anthu akumva, kuti, "Mlamu, munthu amafika potere inu mukuyang'ana?" Ndikanakhala ndi chibakera cha mwamuna, bwenzi tsiku limenelo ndikugona kupolisi.

Ku boma anadula mwendo, m'munsi mwa bondo. Ndinasaina ndine, alamu atazemba kuti akukaswali kumzikiti. Amuna anga ali chigonere m'chipatalamo, a mano anabwera, anatsuka nkhama, anachotsa mano ogwedera. Inali ntchito ya m'mawa umodzi, ndipo magazi analeka bwinobwino. Patapita masabata, m'kamwa mutapola, shuga anayamba kutsika ndi mankhwala. Ndinafunsa dokotala ngati mwendo ukanapulumuka tikanabwera kale. Anati sangalumbire, shuga ali ndi njira zake zambiri, koma thupi likanakhala ndi mphamvu yolimbana ndi bala lija. Yankho limenelo limandiwawa mpaka lero.

Titabwerera kumudzi, anthu ankabwera kudzazonda. Alamu anafika madzulo ena atavala mkanjo woyera, siginala wina atamupeza kale. Anakhala pampando, amuna anga ali pamphasa, ndodo zawo zili pambali. Ndinapita kukawiritsa tiyi poti mlendo ndi mlendo. Ndikutuluka ndi makapu m'manja, ndinamva akulankhula.

"Waona, mng'ono wanga? Ndinkanena ine za anthu a ku boma aja. Unapita ndi miyendo iwiri ndi mano ako, taona mmene akubwezera. Ukanapita nthawi ija mkazi wakoyu ankakakamira, bwenzi tikunena zina."

Ndinaima pakhomo. Ndinafuna kuti kamodzi kokha ayankhe mwini mwendo. Anali atamva yekha zimene dokotala ananena, anali ataona yekha shuga akutsika. Amuna anga anayang'ana pamene panali phazi lawo, anasisita bondo, kenako anakweza maso.

"Ndi mmene Allah analembera, achimwene. Zikomo chifukwa cha galimoto ija, mukanapanda inu sindikanafika."

Ndinabwerera m'nyumba ndi makapu aja, ndipo tiyi ndinamukhuthulira kuseri. Alamu anadikira, anatsokomola, anafunsa ngati madzi awira, mpaka anatsanzika kukhosi kuli gwa. Kuyambira tsiku limenelo sanamwenso ngakhale madzi pakhomo panga, ndipo tikakumana panjira ndimayang'ana kunyanja.

Amuna anga ndimawasambitsa, ndimawaphikira zofewa, ndimawaperekeza kukayezetsa. Masiku ano amakhala pansi pa mango kusoka maukonde a achimwene awo, ndipo akamalandira ntchitoyo amathokoza ndi manja awiri. Anthu awiri sindinawakhululukire pa nkhani imeneyi. Mmodzi ndinamuthamangitsa pakhomo, winayo ndimagona naye chipinda chimodzi.