Mizere ya Choko Kuseri kwa Chitseko

A Telala anasoka zovala za anthu zaka makumi anayi pakhonde la sitolo, ndipo dzinalo linawakanirira ngakhale makina anapita kalekale. Akazi awo atamwalira, sitiroko inawapha mwendo wamanzere, mwana wawo wamkazi n'kuwatenga kukawasunga kwake. Anawapatsa kachipinda ka kumapeto kwa kolido komwe kale munkakhala makatoni. Nyumbayo inali ya matailosi oyera mbee, oti ntchentche ikatera umaiona uli pakhomo. Kudya ankadya, mankhwala ankamwa, koma wocheza naye panalibe. Eni nyumba ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo pakamwa patatopa.

Tsiku lina a Telala anatola kagalu kuseri kwa mpanda kakulira m'ngalande. Kanali kakuda, timaso tozungulira, ndiye anakatcha Batani. Mkamwini wawo, munthu wovulitsa nsapato ngakhale alendo, anakayang'ana ngati kabwera ndi mliri.

"Bambo, ine sindikukana ayi," anatero. "Koma mwezi uno ukamatha kakhale kataphunzira kudzithandiza panja. Ndikadzangoponda mkodzo m'nyumba muno mwezi utatha, kadzapita."

A Telala anaigwira ntchitoyo monga ankagwirira suti ya kasitomala wovuta. Tepi yawo yakale yoyezera inasanduka chingwe. Kakangodzuka, panja. Kakangodya, panja. Kakayamba kununkhiza pansi n'kumazungulirazungulira, iwo ankadziwa kuti zafika, n'kudzikoka ndi ndodo, mwendo ukukhwekhwereza, mpaka patsinde pa mtengo wa kuseri kwa nyumba. Kawirikawiri ankafika mochedwa, poti chikhodzodzo cha kagalu sichidikira wodwala. Ankapukuta okha atagwada, kudzuka kwake n'kukhalanso nkhondo ina. Koma kukamenya sanakamenyepo. Ankangoti, "Iwe Batani, ukufuna atithamangitse tonse eti?"

Kakachita bwino panja ankakasisita, kukapatsa kachidutswa ka buledi, n'kulemba mzere kuseri kwa chitseko ndi choko cholembera nsalu chomwe chinatsalira m'thumba la jekete. Sabata yoyamba mizere inali itatu yokha. Pofika yachitatu chitseko chinali chitayera, ndipo kagalu kanayamba kokha kukanda pakhomo kakafuna kutuluka. Tsiku limenelo a Telala anaseka mpaka anadabwa nawo mawu awo omwe.

Koma panali china chomwe sanauze munthu. Chiyambire matendawo, thupi lawo nalo linasiya kuwamvera. Pomwe ankamva kuti akufuna kutaya madzi, nthawi inkakhala itatha kale. Mathalauza ankachapa mobisa masana, n'kuyanika pawindo la kuchipinda. Analinso atamvapo mkamwini akunong'oneza mkazi wake kukhitchini kuti zikadzafika poti mdalayu sakutha kudzisamalira, adzangomupereka kunyumba yosungirako okalamba. Mwana wawoyo anangotsegula mpopi.

Mwezi unatha bwinobwino. Lachiwiri lotsatira m'mawa, Batani anakanda chitseko. Nawo a Telala kuchimbudzi kunali kukuwaitana, koma anati ayambe kaye kagalu, kangachimwe. Anakatsegulira khomo la kuseri, iko liwiro kumtengo kuja. Pobwerera, ali pakati pa kolido, zinawatayikira. Anaima chilili, akumva kutentha kukutsika ndi mwendo wabwinowo. Anadzikokera kuchipinda kuti akasinthe msanga, abwere ndi chiguduli. Koma zala zomwe zinasoka mabatani osawerengeka zinachedwa kumasula batani limodzi lokha.

Potuluka anapeza mkamwini ataima ndi mwendo umodzi, sokosi yonyowa ili m'manja. Kagalu kanali katabwerera, kakugwedeza mchira pambali pa chithaphwicho, kudikira buledi wake.

"Bambo, paja tinapangana," anatero mkamwini.

Mwana wawo anatulukira kuchokera kubafa. Anayang'ana chithaphwicho, chachikulu kuposa kagalu komwe, kenako thalauza lomwe bambo ake anali atasintha m'mamawa chonchi. Anadziwa, ndipo a Telala anaona kuti wadziwa.

"Ababa, kapena muli ndi mawu?" anafunsa chapansipansi.

Mawu anali nawo, ochepa chabe, ndipo anafika mpaka pakhosi. Koma anaganiza za nyumba ya okalamba ija, bedi pakati pa anthu osawadziwa, mlendo akuwavula. Mantha anawagwira, manyazi n'kuwamaliza.

"Ndi kagaluka," anatero. "Sikamva."

Mkamwini anakaika m'katoni n'kupita nako kuntchito, ati mlonda wa kumeneko ankafuna galu. Kanalira mpaka galimoto itakhota. Mwana wawo anakolopa yekha m'kolidomo, misozi ikulengeza, osayang'ana bambo ake.

Masiku ano a Telala amaswera pampando pafupi ndi chitseko cha chimbudzi. Tiyi anasiya, madzi amangonyowetsa kukhosi, komabe ngozi zikuchulukira, ndipo panyumbapo palibenso wina womunamizira. Akudziwa kuti tsiku lawo likubwera. Mizere ija ikadalipo. Mwana wawo atafuna kuifufuta anamugwira mkono. Mzere wa m'mawa uja anaulembanso ndithu, galimoto itapita, pakuti tsiku limenelo Batani anachita bwino.